Opareshoni ya bunion: mmene mungakonzekerere ndi kusamalira phazi mpaka lichire

Anthu ambiri amalowa ku fiyeta akuganiza kuti dokotala akukangopala kafupa kotuluka m'mbali mwa phazi, n'kusoka, basi. Ululu ukangochepa pakatha masiku anayi, amayamba kuzungulira pakhomo, kuphika choimirira, mwina mpaka kukwera minibasi. Apa m'pamene zinthu zimasokonekera.

Bunion si chotupa chomera pafupa ayi. Ndi fupa lalitali la kumbuyo kwa chala chachikulu limene lapendekera kunja, chalacho n'kukhotera kwa zinzake. Kuti aliwongole, dokotala amadula fupalo, kulisunthira m'malo mwake, n'kulimanga ndi masikuluwu. Mumatuluka m'chipatala ndi fupa lothyoledwa mwadala, ndipo limafuna masabata pafupifupi 6 kuti ligwirane. Kutupa kumachedwerapo, kumatha kufika miyezi 6 ngakhale chaka.

Maopareshoniwa alipo amitundu ingapo, choncho pamene malangizo a dokotala wanu asiyana ndi ali m'munsimu, tsatirani ake.

Zofunika kukhala nazo tsiku lisanafike

- Nsapato yapadera ya pambuyo pa opareshoni, yolimba kunsi, yomanga ndi malamba. Funsiranitu ngati achipatala adzakupatseni kapena mugule nokha.
- Ndodo ziwiri zoyendera, kapena chitsulo choyendera cha miyendo inayi ngati ndinu wachikulire.
- Mapilo atatu kapena anayi olimbirapo.
- Mpando wapulasitiki wosambirapo, ndowa ndi kapu.
- Majumbo akuluakulu osabooka ndi selotepu yaikulu.
- Mpando wobowola pakati, ngati chimbudzi chanu n'chokumba.
- Kachikwama kapamsana, chifukwa manja onse adzakhala pa ndodo.
- Chitenje, siketi kapena kabudula womasuka. Buluku lothina silidutsa pa bandeji.
- Nsapato yotseka ya phazi linalo, yokhala ndi kunsi kochindikala.
- Tochi ya usiku.
- Buku lanu la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene mumamwa.
- Munthu wamkulu woti akhale nanu usana ndi usiku masiku atatu oyamba, n'kumakuthandizani kwa masabata awiri.

Masabata a kukonzekera

1. Tsimikizani kuti opareshoniyi ndi yofunikadi. Chifukwa chabwino ndi ululu umene sukutha ngakhale mwasintha nsapato, kapena chala chachikulu chayamba kukwera pa chinzake. Kuchitidwa opareshoni pofuna phazi looneka bwino kapena kuti mubwerere ku nsapato za gogoda n'kudziputira mavuto. Ku Malawi njira imayambira kwa wa zamafupa wa pa chipatala cha boma lanu, amene angakutumizeni ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Adzakujambulani X-ray mutaimirira. Chithunzi chojambula mutagona chimabisa kukula kwa vutolo, pakuti phazi silinasenze thupi.

2. Funsani dokotala mafunso anayi awa, mayankho ake mulembe. Mudzandichita opareshoni ya mtundu wanji? Ndidzaloledwa kuponda liti? Padzakhala kawaya kotulukira kunja kwa chala? Ndidzabwera liti kudzaonedwa? Funso lachiwirili ndi limene lili lalikulu. Pa maopareshoni odula fupa otchedwa chevron ndi scarf, ambiri amaloledwa kupondera chidendene tsiku lomwelo kapena lotsatira atavala nsapato yapadera ija. Pa otchedwa Lapidus, amene amalumikiza mafupa awiri a pakati pa phazi kuti akhale limodzi, nthawi zambiri munthu amakhala masabata angapo osaponda konse, mwina ali m'chikhakha.

3. Sankhani nyengo. Ngati muli ndi mwayi wosankha tsiku, pewani nthawi ya dzinja. Matope ndi ndodo sizigwirizana, ndipo bandeji ikanyowa chilonda chili pa ngozi. Mlimi asankhe atakolola. Miyezi yozizira ya June ndi July ili bwino, chifukwa kutentha kumawonjezera kutupa. Ngati mapazi onse ali ndi bunion, kambiranani bwino. Kuchita onse tsiku limodzi kumatheka, koma simudzakhala ndi phazi loimirapo.

4. Siyani fodya masabata osachepera 6 tsiku lisanafike, ndipo musayambirenso mpaka fupa litagwirana. Apa tikunena ndudu, chingambwe ndi fodya wa m'mphuno yemwe. Fodya amafinya timitsempha tonyamula magazi kupita ku phazi, ndiye chilonda chimachedwa kupola, fupa n'kukana kulumikizana.

5. Onetsani mankhwala anu onse, ndi azitsamba omwe. Ofunika kuwatchula msanga ndi ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin, clopidogrel ndi asipilini, a shuga, a BP, ma ARV, komanso mapiritsi olerera. Mapiritsi olerera ena amawonjezera chiopsezo choti magazi aundane m'mwendo, ndipo dokotala angakuuzeni kuti muwasiye masabata 4 tsiku lisanafike n'kugwiritsa ntchito njira ina.

Chenjezo: musasiye mankhwala alionse mwa inu nokha. Ena amafunika kumwa ngakhale m'mawa wa tsiku la opareshoni. Ngati muli ndi shuga, ayambe watsika bwino, pakuti chilonda cha kuphazi cha munthu wa shuga wokwera chimavuta kwambiri.

6. Konzani nyumba. Chotsani timakalapeti, zingwe zamagetsi ndi nsapato za ana m'njira. Ngati mumagona pamphasa kapena pamatiresi apansi, bwerekani bedi, chifukwa kudzuka pansi ndi mwendo umodzi kumakakamiza munthu kukankha ndi zala. Za kuchimbudzi muziganizire mofatsa, ngakhale ambiri amachita nazo manyazi kufunsa. Kunjuta kumapinda chala chachikulu n'kuika thupi lonse pamalo penipeni podulidwapo. Ikani mpando wobowola pamwamba pa dzenje, uyesedwe ngati sukugwedera, ndipo usiku gwiritsani ntchito ndowa m'chipinda m'malo moyenda mumdima.

7. Phunzirani ndodo phazi likadali labwino. Mukaimirira, pakati pa mutu wa ndodo ndi m'khwapa pazikwana zala ziwiri kapena zitatu, chogwirira chifike pamfundo ya dzanja. Thupi lilemere m'manja, osati m'khwapa. Wokolowekera m'khwapa amapanikiza mitsempha mpaka dzanja kuchita dzanzi. Pa masitepe: pokwera utsogole mwendo wabwino, potsika zitsogole ndodo ndi mwendo wodwala.

Tsiku la opareshoni

8. Musadye kwa maola 6 nthawi yanu isanakwane. Madzi okha mutha kumwa mpaka kutatsala maola awiri, pokhapokha atakuuzani zina. Phala, thobwa ndi tiyi wamkaka zonsezi ndi chakudya. Mukabisa kuti mwadya, mutha kusanza muli mtulo, masanzi n'kulowa m'mapapo.

9. Sambani bwino ndi sopo, makamaka pakati pa zala. Musadzole mafuta kuphazi, musamete ubweya wa pamwendo, chotsani utoto wa m'zikhadabo. Ngati pali chilonda, matuza kapena nyansi za pakati pa zala, nenani asanayambe. Dokotala adzalemba chizindikiro pa mwendo woti auchite. Yang'anani nokha ngati ndi womwewo.

Opareshoniyo imatenga pafupifupi ola limodzi. Ena amawagonetsa, ena amawabaya pamsana, ndipo kawirikawiri amabayanso mankhwala a dzanzi mozungulira akakolo. Ambiri amatuluka tsiku lomwelo kapena mawa lake.

10. Pobwerera kunyumba khalani kumbuyo kwa galimoto, mwendo mutauyala pampando. Musayendetse nokha, musakwere kabaza wa njinga kapena wa njinga yamoto. Konzeranitu galimoto, ngakhale yahayala. Musanachoke funsani kuti mukakumana ndi vuto usiku mupite kuti.

Masabata awiri oyamba

Kuchira konse kwagona apa. Ntchito yanu ndi kugona ndi kukweza phazi, palibenso ina.

11. Imwani mankhwala a ululu dzanzi lisanathe. Mankhwala obaya aja amagwira maola 12 mpaka 24, ndipo amanamiza. Munthu amafika kunyumba akuseka, amvekere palibe chikupweteka, n'kugona osamwa kanthu. Dzanzi limatha pakati pa usiku, ululu n'kubwera wonse nthawi imodzi. Yambani kumwa madzulo omwewo, ndipo masiku atatu oyamba muzitsata wotchi, osadikira kuti mumve kuwawa.

Panado kwa munthu wamkulu ndi mapiritsi awiri a 500 mg pa maola 6 alionse, osapitirira mapiritsi 8 pa tsiku. Werengani mapaketi, chifukwa mankhwala ena a ululu ndi a chimfine ali kale ndi panado mkati. Bulufeni imwani pokhapokha dokotala wavomera, mutadya. Si wa anthu a zilonda zam'mimba, a vuto la impso kapena omwa warfarin. Mankhwala a ululu amphamvu monga codeine ndi tramadol amamanga m'mimba, choncho imwani madzi ambiri, idyani masamba ndi mapapaya. Mowa ayi.

12. Kwezani phazi lipose mtima. Gonani chagada, sanjani mapilo kuyambira pansi pa katumba mpaka kukakolo, bondo lipindike pang'ono, chidendene chisakhuzike pa chinthu cholimba. Pa ola lililonse la masana, mphindi 45 kapena 50 zikhale za chonchi. Zotsalazo ndi za kuchimbudzi ndi kudziwongola.

Chenjezo: kukhala pampando phazi lili pa kasitulu si kukweza. Phazilo likadali m'munsi mwa mtima, madzi akutsikirabe komweko. Mudzazindikira mukalitsitsa: limagunda ngati ng'oma, zala n'kudera. Phazi likatupa limakoka ulusi, milomo ya chilonda n'kutseguka.

Kuziziritsa kumathandiza. Kulungani ayezi m'kansalu, muike pamwamba pa kakolo kwa mphindi 15, osanyowetsa bandeji. Musaike pamene phazi likadali la dzanzi. Chimodzimodzi moto: phazi la dzanzi silimva kupsa, ndiye mbaula ndi botolo la madzi otentha zikhale kutali.

13. Bandeji musaimasule. Si yongophimba chilonda. Dokotala anaikulunga mwanjira yoti igwire chala chili chowongoka pamene minofu ikupola. Kadontho ka magazi koonekera tsiku loyamba n'kosadetsa nkhawa. Zungulizani ndi cholembera kuti muone ngati kakukula. Posamba valani jumbo, matani selotepu pakhungu pansi pa bondo, khalani pampando phazi lili pa mpando wina, n'kumadzithira ndi kapu. Jumbo imateteza ku madontho okha, osati kumiza. Bandeji ikanyowa mpaka mkati, pitani akaisinthe tsiku lomwelo. Ngati pali kawaya kotulukira kunsonga ya chala, musakagwedeze, ndipo samalani kuti kasakole m'bulangete. Amakachotsa kuchipatala pakatha masabata 4 mpaka 6.

14. Valani nsapato yapadera nthawi iliyonse phazi likakhudza pansi, ngakhale masitepe atatu opita ku ndowa. Pondani monga anakuuzirani, kawirikawiri ndi chidendene kapena phazi lonse lathyathyathya, osadzikankha ndi zala. Ku phazi linalo valani nsapato yochindikala ija kuti miyendo ifanane kutalika, apo ayi msana ndi chiuno ziyamba kudandaula. Madokotala ena amafuna kuti mugone nayo nsapatoyo, choncho funsani.

15. Yendetsani magazi. Ola lililonse muli maso, kwezani ndi kutsitsa phazi pakakolo maulendo 10 mpaka 20, pindani ndi kuwongola bondo. Ngati anakupatsani jakisoni kapena mapiritsi oteteza magazi kuundana, malizani onse.

Zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala

- Kupweteka pachifuwa kapena kubanika mwadzidzidzi. Musadikire kuti kuche.
- Katumba kutupa, kutentha, kulimba kapena kupweteka.
- Zala kuzizira, kuyera kapena kuda osasintha ngakhale mwakweza phazi.
- Kutentha thupi kofika madigiri 38, kunjenjemera. Musangoti ndi malungo n'kugula mankhwala pagolosale. Kayezetseni, ndipo muwauze kuti mwachitidwa opareshoni.
- Mafinya, fungo, kufiira kapena kutupa kofalikira kupitirira bandeji.
- Ululu wowonjezereka pambuyo pa tsiku lachitatu m'malo mochepa.
- Magazi onyowetsa bandeji yonse.
- Mwagwa kapena mwapunthwa, chala n'kusintha maonekedwe.

Sabata 2 mpaka 6

16. Pitani akachotse ulusi, nthawi zambiri pakati pa masiku 10 ndi 14. Akatero angakupatseni kotchinga koika pakati pa chala chachikulu ndi chachiwiri, kapena kukuphunzitsani kumanga chalacho. Auzeni akuonetseni kawiri, n'kujambula pafoni. Chilonda chikatsekeka n'kuuma mutha kuchitsuka ndi madzi ndi sopo, kupukuta modinda. Musachiviike m'beseni, musatong'ole nkhanambo.

17. Yambani kufewetsa chala dokotala kapena a fiziyo (ophunzitsa kulimbitsa ndi kufewetsa ziwalo) akalola. Apa ambiri amachita mantha n'kulekerera, kenaka chala chimauma. Ndi dzanja limodzi gwirani zolimba phazi kumbuyo kwa mfundo ya chala chachikulu kuti fupa lodulidwa lisagwedere. Ndi dzanja linalo gwirani chalacho patsinde, osati kunsonga. Chikwezeni m'mwamba pang'onopang'ono mpaka mumve kukoka, dikirani masekondi 10, kenaka chitsitseni pansi chimodzimodzi. Maulendo 10, katatu pa tsiku. Kukoka kuli bwino, koma ululu wobaya ukutanthauza kuti mwapitirira. Mukagwira kunsonga mumangopinda kamfundo ka pafupi ndi chikhadabo, mfundo yofunikayo osasuntha.

Chipsera chikapoleratu, chisisiteni mozungulira ndi mafuta wamba kwa mphindi zingapo kawiri pa tsiku kuti chisamatirire ku fupa. Dzanzi la m'mbali mwa chipsera n'lofala. Nthawi zambiri limachepa m'miyezi ingapo, ngakhale kwa ena kamalo kochepa kamatsala.

18. Onjezerani kuyenda pang'onopang'ono, nsapato yapadera ikadali kuphazi. Muyeso wanu ndi madzulo: phazi likatupa kuposa dzulo, mwachulutsa, mawa chepetsani. Wogwira ntchito yokhala pansi atha kubwerera pakatha masabata 2 mpaka 4 ngati pali poika phazi m'mwamba ndiponso mayendedwe abwino. Mphunzitsi, namwino, mlonda, wogulitsa mumsika ndi mlimi awerengere masabata 8 mpaka 12. Kutunga madzi, kusenza mtolo, kusinja ndi kuchapa chonjuta zidikire.

Kuyambira sabata 6

19. Kajambulitseni X-ray yachiwiri musanavule nsapato yapadera. Kusamva ululu si umboni woti fupa lagwirana, chithunzi ndicho chimanena. Akakulolani, yambani ndi nsapato yamasewera yotakasuka kutsogolo, yomanga ndi zingwe, mwina yokulirapo ndi saizi imodzi. Valani maola ochepa tsiku loyamba, n'kumawonjezera. Phunziraninso kuyenda bwino: chidendene chiyambe, phazi ligudubuzike, mumalizire pa chala chachikulu. Ambiri amazolowera kupondera m'mphepete mwa phazi, kenaka n'kumadandaula kakolo ndi tizala tating'ono.

20. Galimoto yendetsani pokhapokha mwabwerera mu nsapato wamba ndipo mutha kuponda buleki mwamphamvu osazengereza, kawirikawiri pa sabata 6 mpaka 8. Yeserani galimoto itaima. Ulendo wautali wa ndege kapena wa basi, monga wa ku Johannesburg, ufunseni kaye dokotala chifukwa cha kuundana kwa magazi. Kupalasa njinga ndi kusambira zimabwera msanga. Kuthamanga, mpira ndi kudumpha zidikire miyezi 4 mpaka 6.

Nsapato zatsopano gulani kutupa kutatha, ndipo muziyesa madzulo pamene phazi lakula, mutaimirira. Kutsogolo kwa chala chachitali kutsale mpata wa chala chimodzi cha m'manja.

Zolakwika zofala

Kulandira alendo pabalaza. Kwathu kuno wodwala sasowa omuzonda, ndipo ulemu umamukakamiza kudzuka, kukhala pampando maola atatu miyendo ili pansi, mwinanso kuperekeza. Gadiyani wanu awauze kuti akuoneni muli chigonere. Za maliro ndi za kutchalitchi tumizani wina m'masabata awiri oyamba.

Kumasula bandeji kuti muone mmene zilili, kapena kupita kwa wina akaikulunge mwatsopano ngati ya chilonda wamba. Chala chimabwerera kumene chinachokera.

Kupaka zinthu pachilonda: mankhwala azitsamba, phulusa, sipiliti, ufa wa m'makapisozi. Pansi pa chilondacho pali zitsulo, ndipo tizilombo tikafika pa chitsulo timavuta kuchotsa. Mwina amachita kutsegulanso.

Kupita kokatikita kapena kuthowa phazi ndi madzi otentha chifukwa latupa. Fupa limene likugwirana silifuna kukankhidwa. Kutupa mankhwala ake ndi kukweza.

Kusinthanitsa nsapato yapadera ndi patapata poti kwatentha. Patapata amapindika pamalo penipeni podulidwapo, ndipo zala zimachita kumufinya kuti asavuke.

Kuleka kupita kokaonedwa chifukwa cha ndalama ya thiransipoti kapena poti phazi lasiya kupweteka. Ikani padera ndalama ya maulendo osachepera atatu musanachitidwe opareshoni. Fupa likasuntha n'kuonedwa msanga limakonzeka mosavuta kusiyana ndi limene lagwirana mokhota.

Kudziyerekeza ndi mnzanu amene anayamba kuyenda msanga. Mwina wake unali mtundu wina wa opareshoni, mwina bunion yake inali yaing'ono.

Kuthamangira nsapato zosongoka ndi za gogoda chifukwa pali ukwati. Bunion imatha kubwereranso, ndipo nsapato yothina imafulumizitsa. Kwa miyezi 6 yoyamba musazivale konse. Ikatha, ngati dokotala wavomera, sankhani yachidendene chachifupi, muivale maola ochepa, ndipo m'chikwama mukhale nsapato yathyathyathya yosinthira.